Kodi Subaru WRX ingalimbe pa mchenga wa kunyanja?

Bambo wina wa ku Nkhotakota wandilembera pa imelo kufunsa ngati Subaru Impreza WRX imene akufuna kuitanitsa ku Japan ingawathandize mumchenga ndi m'matope, popeza amva kuti imakoka ndi matayala onse anayi. Bambo, kukoka kumeneku, komwe amakutcha AWD, pa galimoto zamtunduwu anakukonzera liwiro, osati kuwoloka zithaphwi.

Njirayi inatchuka mu 1980 pamene Audi inatulutsa Quattro, imene inavuta kwambiri pa mipikisano ya rally, yothamangitsa galimoto m'misewu yafumbi ndi yokhotakhota, mpaka makampani ena anatengera. Nissan inatulutsa Skyline GT-R ya R32 mu 1989, ndipo WRX mukuifunayo inayamba mu 1992. Onsewa ankalimbana ndi vuto limodzi: injini ikakhala yamphamvu kwambiri, woyendetsa akaponda mafuta matayala awiri amangozungulira pamalo amodzi, koma mphamvuyo ikagawidwa panayi, tayala lililonse limasenza gawo lochepa ndipo limaugwira msewu.

Choncho pa M5, pakati pa Salima ndi Nkhotakota, mvula ikanyowetsa phula mudzakondwa ndi mmene galimotoyo imanyamukira ndi kukhotera. Musaiwale kuti poima siiposa inzake, chifukwa mabuleki a galimoto iliyonse amagwira kale matayala onse anayi. Mbuzi ikadumphira mumsewu, AWD ilibe chochita pamenepo.

Mumchenga ndiye muli nkhani. WRX mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo ilibe giya yaing'ono yokokera pang'onopang'ono ngati ya Land Cruiser. Ndinaonapo ina itatitimira ku Senga Bay, mimba itakhala pamchenga, matayala onse anayi akufukula ngati nkhuku, mpaka anyamata anafika ndi makasu ndi matabwa.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi matayala. Ambirife tayala likaphulika timagula limodzi lakaunjika n'kupitiriza ulendo, koma pa galimoto iyi onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi ndiponso operepeseka mofanana. Likasiyana limodzi, dif yapakati imene imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo imagwira ntchito mosapuma, imatentha, kenako imaonongeka, ndipo mtengo wake si wamasewera. Ikadzakuferani panjira, musalole kuti aikoke matayala awiri ali m'mwamba, awiri ali pansi. Ikwezeni yonse pa lole.