Mwana wanu akufuna kudya za m'phiri: zimene ndingakuuzeni

Mayi wina wa ku Mulanje wandilembera kuti mwana wake wamwamuna, yemwe ali Fomu 4, amathera Loweruka lililonse m'phiri la Mulanje ndi anzake. Akwera matanthwe ndi chingwe chobwereka, ndipo madzulo amakhalira kuonera pa foni anthu akukwera makoma a ayezi ku Ulaya. Tsopano wanena kuti akangolemba MSCE sapitiriza sukulu, adzakhala wokwera mapiri basi. Mayiyo akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito kapena ndi chibwana, komanso ngati amuletse kuyenda ndi anzakewo.

Mayi, ntchitoyo ilipo, koma si imene mwana wanu akuiona pa foni. Palibe amene adzamulipire chifukwa choti iye wafika pamwamba. Amene amalipidwa ndi uja amafikitsa munthu wina pamwamba n'kumubweza ali wamoyo, atadya, ndiponso akufuna kudzabweranso. Kukwera ndi anzako n'kusangalala. Kutsogolera mlendo n'kusenza moyo wa munthu amene simudziwana, mwina wazaka 60, mwina wouma mutu. Funso loti mumufunse mwanayo ndi lakuti ntchito yachiwiriyi akuifuna kapena ayi.

Ngati akuifuna, wabadwira pabwino. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo palibe ina yoiposa m'dziko muno. Khoma la thanthwe la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe limawerengedwa m'gulu la makoma aatali kwambiri okwera ndi chingwe mu Africa, moti akatswiri amachoka kutali kudzalimbana nalo. Pamwamba pali nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani ndi Madzeka, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu ambiri a ku Likhubula ndi ku Phalombe amadyadi za m'phiri ngati magaidi ndi onyamula katundu.

Koma muwerengere naye ndalama mosabisa. Alendo amachuluka mvula ikatha, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala. Dzinja likafika njira zimaterera, mitsinje imadzaza, ndipo gaidi amatha masabata osaona mlendo. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala m'maboma a Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, palibe amene ankaganiza zokwera phiri. Magaidi odzisunga bwino amakhala ndi china chapambali, kaya munda wa nanazi, kaya kabizinesi. Komanso maondo amatha msanga kuposa setifiketi.

N'chifukwa chake nkhani yosiya sukulu ndikuikana kotheratu, ndipo osati pa chifukwa chakale chija chakuti sukulu ndi yabwino. Taonani chimene chimasiyanitsa wonyamula chikwama ndi wotsogolera gulu. Mphamvu ali nazo onse. Wotsogolera amalankhula Chingerezi chomveka, amayankha uthenga wa mlendo pa intaneti miyezi itatu ulendo usanachitike, amawerengera chakudya cha anthu asanu kwa masiku anayi, amawerenga mapu, ndipo mlendo akaloza mtengo wa mkungudza amafotokoza chifukwa chake ukutha m'phirimo. Zonsezi ndi English, Mathematics, Geography ndi Biology zomwe akufuna kuzithawazo. Akakhoza bwino, yunivesite ya Mzuzu ili ndi maphunziro a zokopa alendo. Kulinso Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, ndi koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza kwa amene mtima wake uli pa kusamala phirilo. Asanafike n'komwe kumeneko, apeze maphunziro a chithandizo choyamba kwa ovulala, monga amene a Red Cross amaphunzitsa. Gaidi wosadziwa chochita munthu akathyoka mwendo kumtunda kwa Chisepo, kumene thandizo lili kutali ndi maola ambiri, ndi woperekeza chabe.

Za ayezi ndidutsepo mwachangu. Kuno kulibe. Ayezi wokhala chaka chonse wotsala mu Africa ali pa Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori, ndipo akusungunuka chaka ndi chaka. Setifiketi yapamwamba ya magaidi a mapiri padziko lonse, ya bungwe la IFMGA, imafuna zaka zambiri za kukwera thanthwe, ayezi ndi kutsetsereka pa chipale chofewa ndi timatabwa ta kumapazi (ski), ndipo ndalama zake si zoti banja la ku Mulanje lingagulitsire mbuzi. Sindikuti n'zosatheka kwa munthu wa kwathu kuno. Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia, adafika pa Everest mu Meyi 2019 ndipo adakhala mayi woyamba wachikuda wa mu Africa kutero. Koma mwana wanu adziwe kuti mayi ameneyu anali kale pa ntchito yapamwamba m'makampani a ku South Africa. Sibusiso Vilane, yemwe adakwera Everest mu 2003, adayamba ngati mlonda wa nyama zakutchire ku Swaziland. Onsewa anali ndi poponda asanakwere.

Tsopano za anzakewo, zomwe ndikuona kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Musamuletse. Mukamuletsa adzapita mozemba, mwinanso yekha, ndipo yekha ndiye imfa. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil adasiya gaidi wake n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo idasintha ndipo thupi lake lidapezeka patapita masiku ambiri. Chiperoni chikagwa, munthu saona ngakhale mwala umene uli pafupi naye, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumtunda kuja kumapha amene wanyowa. Choncho anzake si vuto. Vuto ndi anzake ati.

Pokwera thanthwe ndi chingwe, mmodzi amakwera pamene mnzake ali pansi akumugwirira chingwe, kuchimasula pang'onopang'ono, wokonzeka kuchimanga wokwerayo akaterereka. Moyo wonse uli m'manja mwa wapansiyo. Mnzake wabwino si amene amakwera mwaluso kuposa onse. Ndi amene amayang'ana mfundo ya mnzake asananyamuke, sagwira foni chingwe chili m'manja, ndipo mitambo ikayamba kuda amanena kuti tibwerere ngakhale nsonga ikuoneka apo. Anyamata azaka 18 zimenezi zimawavuta, chifukwa palibe amene amafuna kutchedwa wamantha pagulu. Ine ndikadakhala inu ndikadawaitana onse kunyumba, n'kuwaphikira, n'kuwafunsa kuti adawaphunzitsa kumanga mfundo ndani. Akayankha kuti YouTube, chingwecho chiyambe chapuma. Ndipo chingwe chobwerekacho chikundidetsa nkhawa: chokwerera mapiri chimapangidwa kuti chizitamuka munthu akagwa, pamene cha m'sitolo ya hadiweya sichitero, ndipo chakale chosadziwika mbiri yake sichidalirika ngakhale chikuoneka chatsopano.

Aphunzire kwa odziwa. A Mountain Club of Malawi akhala akuyenda m'phirimo kwa zaka zambiri, ku Lilongwe kuli a Climb Malawi omwe ali ndi khoma lophunzirira, ndipo magaidi akale a ku Likhubula amadziwa njira iliyonse ndi mtsinje uliwonse umene umadzaza msanga. Akamaliza mayeso apemphe kunyamula katundu pansi pa gaidi wodziwika kwa nyengo imodzi yathunthu, akudikira zotsatira. Akasenza chikwama cha mlendo kukwera njira ya ku Chambe, kutunga madzi, kukoleza moto ndi kupirira madandaulo a munthu wotopa, adzadziwa yekha ngati ntchitoyi ndi yake. Mafomu a ku koleji atumizebe nthawi yomweyo, ndipo paulendo uliwonse azikuuzani njira imene adzere, amene ali nawo ndi ola limene atsike.