Bondo likupinda koma manambala ali phee

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akupanga pulogalamu yowerenga kuti munthu wanyonyomala kangati pochita masewera olimbitsa thupi, pogwiritsa ntchito MediaPipe Pose, laibulale (pulogalamu yokonzedwa kale yoti ena agwiritse ntchito) yomwe imapeza mfundo za thupi la munthu pa kanema n'kupatsa mfundo iliyonse nambala yake. Manambala a chiuno, bondo ndi kakolo, 11, 13 ndi 15, anawatenga pa chithunzi cha mafupa chomwe anachipeza pa intaneti. Akuti akanyonyomala palibe chikusintha, koma akangokanda kumutu pulogalamu ikuwerenga. Funso lawo nlakuti, kodi laibulaleyi ndi yowonongeka kapena malangizo ake ndi abodza?

Achimwene, laibulale ili bwinobwino. Chithunzi mwatengacho ndi cha COCO, nkhokwe ya zithunzi zophunzitsira makompyuta, kumene thupi amaligawa m'mfundo 17. Kumeneko 11 ndi chiuno chakumanzere, 13 ndi bondo, 15 ndi kakolo. MediaPipe ili ndi mfundo 33, ndipo kwa iyo 11 ndi phewa lakumanzere, 13 ndi chigongono, 15 ndi polumikizira dzanja. Ndiye nthawi yonseyi mwakhala mukuyeza kupindika kwa mkono. Choipa chake nchakuti kompyuta siidandaula, chifukwa manambala atatuwo alipodi ndipo masamu akutheka. Manambala oyenera mwendo wakumanzere ndi 23, 25 ndi 27. Komabe musawalembe pamanja. Gwiritsani ntchito maina ngati LEFT_KNEE omwe ali kale mu laibulale.

Mukakonza zimenezi mupeza vuto lachiwiri, lomwe ndimaliona kuti ndi lobisika kwambiri. MediaPipe imapereka malo a mfundo iliyonse pa chithunzi, x (chopingasa) ndi y (chotsika), ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 1: x amagawa ndi m'lifupi mwa chithunzi, y ndi kutalika kwake. Pa kanema wa ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 1280 m'lifupi ndi 720 m'litali, kusuntha 0.1 chopingasa ndi ma pixel 128, pomwe 0.1 chotsika ndi 72 basi. Mukawerengera madigiri musanachulukitse manambalawa, bondo lopinda madigiri 90 likhoza kuoneka ngati lapinda madigiri ena. Chulukitsani kaye, kapena tengani world landmarks, zomwe zili m'mamita kuyambira pakati pa chiuno. Kumbukiraninso kuti pa chithunzi y amakula potsika pansi, osati pokwera.

Za galasi nazonso: ngati mwatembenuza kanema kuti aoneke ngati pa galasi ndi lamulo la cv2.flip musanaupereke ku laibulale, kumanzere ndi kumanja zisinthana. Ndipo tsiku lina mukadzasamukira ku MoveNet, chida china chopezera mfundo za thupi, iyo imatsata manambala a COCO koma imayamba ndi y kenako x.

Nanga malangizo mungawakhulupirire? Werengani a laibulale imene mwaikayo, a version yomweyo, osati chithunzi chilichonse chotuluka pa Google. Kenako yesani ndi thupi lanu. Lembani nambala ya mfundo iliyonse pa kanema pomwe ili, imani patsogolo pa kamera, kwezani dzanja lamanzere lokha, muone nambala imene ikukwera. Pindani bondo limodzi, muonenso. Mukaona 25 yakhala pa bondo, bwererani ku masamu anu.