Nanga anapepesa?

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti: "Agogo, amuna anga analeredwa ndi bambo owapeza amene ankawamenya ndi kuwagoneka panja. Lero akapsa mtima amandilalatira ngakhale pamaso pa ana, mawa lake n'kumati ndiwamvetse chifukwa ndi mmene anakulira. Kodi ndiziwakhululukirabe?"

Mwana wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri, koma sindinapeze pamene bambo a anawo anapepesa. Ukanayamba wandifunsa zimenezo. Kufotokoza kumene ukali unachokera n'kwina, kunena kuti "ndalakwa ndine" n'kwinanso. Ana a masiku ano mwazisakaniza ziwirizi, mpaka wolakwiridwa ndi amene akugona ndi mlandu mumtima.

Ndikukumbukira malume anga. Makolo atamwalira, mayi anga anatengedwa ndi achibale achifundo, koma malumewo anagwera m'manja mwa anthu ankhanza. Anali ndi chipsera pamwamba pa diso, ndipo mpaka imvi ankadzidzimuka munthu akakweza dzanja pafupi nawo. Tsiku lina anatukwana akazi awo anthu akuona, n'kukankha ndowa ya madzi imene mayiwo anali atangotula. M'mawa mwake anabwera ndi bambo wina wachikulire. Ine ndinali kamtsikana, ndikusuzumira kuseri kwa chitseko. Malume anakhala pansi, chipewa chili pabondo, n'kuyamba kuti, "Nonsenu mukudziwa mmene ndinakulira." Mkulu uja anawadula pomwepo: "Zimenezo tikuzidziwa, tinalipo. Nena zimene wachita dzulo."

Anakhala chete nthawi yaitali, akupinda mlomo wa chipewa chija. Kenako anatchula chimodzichimodzi, mawu amene anatukwana, ndowa, manyazi amene anawachititsa akazi awo. Mayi aja sanayankhe tsiku limenelo, ndipo palibe anawakakamiza. Anayankha patapita masiku atatu. Koma chimene ndinadzachimvetsa nditakula n'chakuti mkulu yemwe uja ankakhala ndi malume madzulo ambiri, awiriwiri, kumvetsera za ubwana wawo, nthawi zina malume akulira. Mabala awo anali ndi kokawatula, koma osati pamutu pa munthu amene amulakwira, ndiponso osati pa tsiku lopepesa.

Kupepesa kotereku ndi kumene ndikukuona kukutha. Lero munthu amangotumiza uthenga pafoni, "pepa ngati ndakukhumudwitsa." Ngati? Iwe sukudziwa chimene wachita? Palibe mboni, palibe kuyang'anana m'maso, ndipo ukachedwa kuyankha akuti ndiwe wouma mtima.

Usandimve molakwa, ubwana wowawa si nkhani yopeka. Mwana amene wakula akumenyedwa amaphunzira kuti wamphamvu ndi wokuwa, ndipo thupi lake limakhala tcheru ngakhale pamene palibe choopsa. Amuna akowo ndikuwamvera chisoni ndithu. Komatu si onse okula choncho amene amazunza anzawo. Mayi wina wofufuza za kakulidwe ka ana, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa ana amene anabadwira mu umphawi ndi m'mabanja osokonekera, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula n'kukhala munthu wokhazikika ndi wosamala ena, ndipo ambiri a iwo anali ndi wamkulu mmodzi amene anawagwira dzanja, kaya agogo, azakhali kapena mphunzitsi. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mkulu uja wa malume. Ngakhale mneneri Ezekieli, pa mutu 18, anakana mwambi wa anthu a nthawi yake wonena kuti makolo akadya mphesa zosapsa mano a ana ndi amene amayayamira. Anati aliyense adzayankha za iye mwini.

Tsono khululuka, mwana wanga, mtima wako upume, pakuti chakukhosi chimadya mwini wake. Koma kukhululuka sikutanthauza kuti uzitchera khutu kudikira mwano wotsatira. Tsiku limene mtima wawo uli pansi, uwauze mofatsa kuti za ubwana wawo wazimva ndipo zimakupweteka nawenso, koma ukufuna abwere ndi munthu wamkulu amene amamulemekeza, adzatchule zimene akukuchita. Apezenso wowamvetsera, m'busa kapena mlangizi wodziwa ntchito yake, chifukwa katundu ameneyo sungamusenze wekha. Akadzangokweza dzanja, tenga ana upite kumene ungatetezeke, zokambirana zidzakupeza komweko.

Wanena kuti amakulalatira ana akuona. Wamkuluyo ali ndi zaka zingati? Umuyang'ane nkhope bambo ake akayamba kukuwa, ndipo udzandiuze zimene waona ukadzandilemberanso.