Nyenyezi yathothoka kapena ya mchira?

Funso: Aphunzitsi, tsiku lina usiku tikuchokera kumaliro ku Dómuè, kumwamba kunadutsa chimoto chobiriwira, kunja kunayera mbee mpaka tinaona mizere m'munda wa mbatatesi. Chitazima, panapita kanthawi, kenako kunagunda ngati bingu. Agogo anati "nyenyezi yathothoka", mwana wanga wa kusukulu anati ndi cometa, ine pa WhatsApp ndinalemba kuti nyenyezi ya mchira. Wakhoza ndani? Bambo wa ku Angónia.

Yankho: Bambo, akhoza ndi agogo. Inu ndi mwana wanu mwaphonyera limodzi, chifukwa cometa wa Chipwitikizi ndiye nyenyezi ya mchira yomweyo. Imeneyo sithamanga pamaso pa munthu. Imaoneka usiku ndi usiku kwa milungu ingapo, ngati ya Halley ija ya mu 1986, yomwe idzabwerenso mu 2061. Chanucho chinatha musanamalize kunena kuti "taonani".

Mneni wa agogowo ndimamukonda. Kuthothoka ndi kwa chinthu chomwe chinali chomatirira pamalo pake, monga duwa kapena nthenga ya nkhuku, ndiye makolo ankaona ngati nyenyezi yachoka pomwe inakhomedwa. Ena amangoti "nyenyezi yagwa", ndipo palibe cholakwika. Kungoti nyenyezi yeniyeni sigwa. Chomwe munaona ndi mwala wolowa mumpweya wa dziko paliwiro loposa makilomita 11 pa sekondi, n'kuyaka uli pamwamba kwambiri. Tating'ono timangodutsa ngati kamzere. Ukawala kuposa nthanda, ngati wanuwo, ndiye kuti unali wokulirapo. Kugunda kuja kunachedwa chifukwa phokoso limayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuwala.

Pocheza nenani monga agogo. Polemba nkhani kapena pophunzitsa ana, "mwala woyaka wochokera kumwamba" amamveka bwino kuposa kukakamiza mawu a Chipwitikizi akuti meteoro. Chidutswa chikafika pansi chatha kuyaka, ndi mwala wogwa kuchokera kumwamba basi, monga zidutswa zomwe anatola ku Botswana chimoto chotere chitaoneka pa 2 June 2018.

Musachitchenso mphenzi kapena ching'aning'ani, zimenezo zimayenda ndi mitambo ya mvula. Poti munkachokera kumaliro, sindikukayika kuti wina pagulupo anatchula za ndege ya afiti. Ku Chelyabinsk, ku Russia, mwala wotere unaphulika m'mawa pa 15 February 2013, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo osweka. Mukadzaonanso kuwala kotere muli m'nyumba, talikirani zenera kaye.