Kodi utsi wa m'chilimwe umathera kuti?

FUNSO: Ndine mphunzitsi kuno ku Mchinji. Chaka ndi chaka, Ogasiti akangofika anthu n'kuyamba kutentha tchire ndi mapesi, dzuwa limalowa lili psuu, mapiri osaonekanso. Mwana wina m'kalasi anandifunsa komwe utsi wonsewu umathera, ine ndinangoti kakasi. Ndinamvaponso zoti kuli ndege zimene zinakauyeza panyanja yamchere. Kodi n'zoona?

YANKHO: N'zoona aphunzitsi, ndipo mwanayo musamutaye, ali ndi mutu.

Utsi ukakwera makilomita atatu mpaka asanu, umakumana ndi mphepo yolowera kumadzulo imene imaudutsitsa ku Angola n'kukautula pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Wina umatulukira ku Mozambique kulowera ku Indian Ocean. Tisanathamangire kuloza chala anyamata osaka mbewa, dziwani kuti wambiri mwa utsi wopita ku Atlantic umachokera ku Angola, Congo ndi Zambia. Wathu ndi woonjezera chabe. Koma tikauphatikiza, chigawo chino cha Africa chimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utsi wonse wa moto wa m'tchire padziko lapansi.

Kunyanjako utsi umapeza eni malo. Kufupi ndi Namibia ndi Angola madzi ndi ozizira chifukwa cha mkokomo wa Benguela, womwe ndi madzi ozizira oyenda m'nyanjamo kuchokera kumwera, ndiye pamwamba pake pamayala mitambo yoyera yam'munsi, yosapitirira kwenikweni kilomita imodzi ndi theka. Mitambo imeneyi imabweza kuwala kwa dzuwa, motero imaziziritsa dziko. Tsono utsi wodzaza mwaye ukakhala pamwamba pake zimakhala ngati mwayanika chitenje chakuda pa nsalu yoyera: kutentha kumene kukanabwerera kumwamba kumakodwa mu utsimo. Utsi womwewo ukakhala pamadzi opanda mitambo umachita zosiyana, umatchinga dzuwa n'kuziziritsa.

Pomwe nkhani imakoma ndi pamene utsi walowa m'mtambo mwenimwenimo. Kadontho kalikonse ka mumtambo kamayambira pa kanthu kakang'ono zedi, kaya ka mchere wa m'nyanja kapena ka utsi. Tinthu timeneti tikachuluka, madzi omwewo amagawikana m'timadontho tambirimbiri koma tating'ono. Mtambo wotero umawala kwambiri ndipo suchita changu kugwetsa mvula yowaza. Wasayansi Sean Twomey anafotokoza za kuwalako m'zaka za m'ma 1970. Choncho kuti utsi utenthetsa kapena uziziritsa, zimadalira pomwe wakhala: pamwamba pa mtambo, m'kati mwake, kapena pomwe palibe mtambo. Setilaiti imayang'ana kuchokera kumwamba, ndiye imavutika kuona ngati pakati pa utsi ndi mtambo pali mpata. Nchifukwa chake panafunika ndege.

Bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA linachita kafukufuku wotchedwa ORACLES. Mu Seputembala 2016 ndege zinkanyamukira ku Walvis Bay, ku Namibia, ndipo mu 2017 ndi 2018 zinasamukira pachilumba cha São Tomé, m'nyanja yomweyo ya Atlantic. Ndege ya P-3, ya mapulopela anayi, ndi imene inkagwira ntchito yakalavulagaga. Inkatsika mpaka pafupi ndi mafunde, n'kukwera kulowa mumtambo, kutulukira pamwamba, kenako kuzungulira ikukwera mpaka kubzola utsi wonse, maola ambirimbiri pa ulendo umodzi. Timapaipi ta m'mbali tinkakoka mpweya kupititsa m'makina, pomwe zida za kunsi kwa mapiko zinkawerenga timadontho ndi kuyeza kukula kwake. Mu 2016 munalinso ER-2, ndege ya munthu mmodzi youluka pa makilomita pafupifupi 20, yomwe inkayeza zonsezi kuchokera pamwamba. Nawo a ku Britain anauluka mu 2017 kuchokera pachilumba cha Ascension, pa kafukufuku wa CLARIFY.

Zimene anapeza ndi izi. Kufupi ndi gombe, nthawi zambiri utsi umadutsa pamwamba osakhudza mitambo. Ukamapita kutali umatsika, ndipo ku Ascension, makilomita pafupifupi 1,600 kuchokera ku gombe la Africa, unkapezeka mpaka pansi penipeni, makamaka mu Ogasiti. Anapezanso kuti utsiwu umamwa kuwala kwa dzuwa koposa mmene makompyuta ambiri olosera zanyengo ankawerengera. Kwa ine chachiwirichi ndicho chachikulu, chifukwa makompyuta omwewo ndi amene timadalira potiuza za mvula ya m'zaka zikubwerazi kuno kwathu.

Ngati pasukulu panu intaneti imagwira, tsegulani NASA Worldview, webusaiti ya zithunzi za setilaiti yomwe ndi yaulere, musankhe tsiku la mu Seputembala ndipo muyatse chizindikiro cha moto. Ana aona timadontho tofiira titadzaza Zambia ndi Angola, ndipo kumadzulo kwake aona mitambo yoyera ija itachita mbuu ndi utsi.