Yankho kwa wowerenga: kugula njinga ina kapena kukonza yomwe ilipo pokonzekera sani2c

Bambo wina wochokera ku Zomba, amene pano amagwira ntchito ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa, wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Iye ndi mnzake wa kuntchito alembetsa kuti akachite nawo mpikisano wa njinga zakumapiri wa sani2c, ndipo kwatsala miyezi inayi kuti mpikisanowo uchitike. Njinga yomwe ali nayo ndi ya aluminiyamu, ya matayala a mainchesi 29, yokhala ndi shokabu kutsogolo kokha, mtundu umene opalasa amautcha hardtail. Wasunga marandi 20,000, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kugulitsa njingayo n'kuwonjezera ndalamazo kuti agule yogwiritsidwa kale ntchito yokhala ndi shokabu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kapena kungokonza yomwe ali nayo. Akufunsanso mmene angakonzekeretsere thupi lake, popeza pakali pano amapalasa maola awiri okha Loweruka lililonse. Amalemera makilogalamu 78.

Achimwene, pa funso loyamba ndikuti musagule njinga ina, ndipo chifukwa chake chili mu njira imene mpikisanowo umadutsa. Mpikisano wa sani2c, umene anauyambitsa mlimi Glen Haw mu 2005, umatenga masiku atatu ndipo ndi wa makilomita pafupifupi 260, kuyambira m'munsi mwa mapiri a Drakensberg kufupi ndi Underberg mpaka kukafika m'mphepete mwa nyanja ku Scottburgh. Mbali yaikulu ya ulendowo ndi tinjira topapatiza tolambulidwa bwino, todutsa m'mafamu, m'nkhalango zobzalidwa ndi m'minda ya nzimbe, ndipo si njira ya miyala ikuluikulu yoti munthu sangadutsemo popanda shokabu yakumbuyo. Tsiku limene limasautsa anthu ambiri ndi lachiwiri, pamene mumatsika kwa nthawi yaitali kulowa m'chigwa cha mtsinje wa Umkomaas, kenako n'kuyamba kukwera kuti mutulukemo dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Chimene chimagonjetsa munthu pamenepo ndi miyendo yotopa, njala, ndi kupweteka kwa pokhalira, ndipo palibe chilichonse mwa zimenezi chomwe felemu yatsopano ingachiritse.

Sindikukana kuti njinga ya shokabu ziwiri imapumitsa msana pa ulendo wautali, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ambiri a Cape Epic, mpikisano wina waukulu wa njinga zakumapiri wa ku South Africa komweko, amakwera zoterozo. Vuto ndi lakuti imene mungaipeze pa ndalama zanuzo idzakhala yoti yayenda zaka zingapo, ndipo kawirikawiri mabelingi a m'malo olumikizira felemu amakhala atatha, shokabu yakumbuyo ikufunika kutsegulidwa ndi makaniko, tcheni ndi magiya zitadyeka. Mudzakhala mutathera ndalama zonse pogula, n'kusowa zokonzera. Njinga yanu mumaidziwa kale zilema zake, ndipo marandi 20,000 ndi okwanira kuzichotsa zonse n'kutsalako ena.

Ndalama zoyamba zipite ku matayala, chifukwa palibe china pa njingapo chimene chingasinthe kayendedwe kake kuposa amenewa. Ngati mukadali ndi machubu, achotseni n'kusintha malimu kuti akhale a tubeless, kutanthauza osafuna chubu. Mu tayala lililonse mumathiridwa madzi omata a sealant, mamililita 90 mpaka 120 pa tayala la mainchesi 29, ndipo minga ikalasa madziwo amatseka bowo inu mukupitiriza ulendo osadziwa n'komwe. Madzi amenewa amauma pakapita miyezi iwiri kapena inayi, makamaka kukamatentha, choncho amene mungathire lero adzafunika kuwonjezera mpikisano usanayambe. Sankhani matayala a m'lifupi mwa mainchesi 2.25 mpaka 2.4 okhala ndi m'mbali molimbitsidwa, monga a Maxxis olembedwa EXO kapena ofanana nawo a makampani ena. Matayala opepuka kwambiri amene amagulitsidwa ngati a mpikisano amang'ambika msanga m'mbali, ndipo magalamu ochepa amene mungapulumutse sangabweze theka la ola limene mungataye mukusoka tayala m'munda wa nzimbe. Lakutsogolo likhale la mano okulirapo kuti lizigwira pansi pokhota, lakumbuyo likhale la mano ang'onoang'ono oyandikana kuti lisamakulemereni popalasa.

Nkhani ya mpweya ndi imene ife ochokera kwathu timalakwitsa kwambiri, chifukwa tinakula tikuona a kabaza akupopa tayala mpaka kulimba ngati mwala, zimene ndi zoyenera kwa munthu wonyamula matumba a chimanga pa msewu wa tala. M'kanjira ka miyala ndi mizu, tayala lolimba limadumpha pa chilichonse chimene lagunda, mphamvu yanu imathera m'kudumphako, ndipo pokhota njinga imaterereka. Pa kulemera kwanu kwa makilogalamu 78 yambani ndi 1.5 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya) kutsogolo ndi 1.7 bar kumbuyo, kenako muyese pa njira imodzimodzi kangapo, mukuchotsa kapena kuwonjezera pang'onopang'ono. Mukamva limu ikugunda mwala, kapena tayala likupindika ndi kutulutsa mpweya pokhota mwamphamvu, ndiye kuti mwachepetsa mopitirira. Gulani kachipangizo koyezera mpweya ka dijito, popeza geji ya pampu zambiri siionetsa molondola pa mpweya wochepa chonchi, ndipo kufinya tayala ndi chala sikungasiyanitse 1.5 ndi 1.9.

Chachiwiri ndi kutalika kwa chishalo, chimene sichifuna ndalama ayi. Imani opanda nsapato mutatsamira khoma, panani buku pakati pa miyendo molikankhira m'mwamba, ndipo muyeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo ichulukitseni ndi 0.883, njira imene inatchuka chifukwa cha katswiri wa ku America Greg LeMond, ndipo yankho lake ndilo mtunda wochokera pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Munthu amene wapeza masentimita 82 adzayambira pa masentimita 72.4. Nambalayi ndi poyambira chabe. Bondo likamapweteka kutsogolo, nthawi zambiri chishalo chimakhala chatsika. Likamapweteka kumbuyo, kapena chiuno chikamapendekera uku ndi uku popalasa, chimakhala chakwera. Sinthani mamilimita 3 kapena 5 okha nthawi imodzi n'kupalasa masiku angapo musanasinthenso. Chishalocho chikhale chosapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo zogwirira mabuleki muzisunthire mkati pa handulo mpaka chala chimodzi cholozera chizikwana kugwira kumapeto kwake, chifukwa potsikira ku Umkomaas manja amene akufinya buleki ndi zala zitatu amachita dzanzi msanga.

Simunandiuze mtundu wa foloko yanu, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo chimene chili ndi shokabu. Ngati ndi ya mpweya, valani zonse zimene mudzavale pa mpikisano, kwerani njinga wina atakugwirirani, ndipo muone mmene folokoyo yalowera ndi kulemera kwanu kokha. Pa foloko yoyenda mamilimita 100, iyenera kulowa pafupifupi mamilimita 20. Kampani ya RockShox imalangiza kuti m'munsi mwa foloko muzitsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano pakatha maola 50 aliwonse akupalasa, ndipo ndikukhulupirira kuti yanu yadutsa kale pamenepo. Koma ngati ndi ya sipuling'i yachitsulo yolemera, yomwe siisinthika molingana ndi thupi la wokwera, apa ndiye pamene ndingavomereze kuti mutulutse ndalama zambiri n'kugula ya mpweya.

Za magiya ndi mabuleki sindichulutsa mawu. Pitani kwa makaniko akayeze tcheni, ndipo ngati chatalika kufika pa 0.5 peresenti pa njinga ya magiya 11 kapena 12 kumbuyo, kapena 0.75 pa ya magiya 10, chisintheni chisanawononge mano a magiyawo. Ngati muli ndi giya imodzi kutsogolo, ya mano 30 kapena 32 ikukwanirani, bola yaikulu yakumbuyo ikhale ya mano 46 kapena kuposa. Palibe manyazi kukwera chitunda ndi giya yopepuka pamene ena atsika n'kumakankha. Ngati muli ndi magiya awiri kutsogolo ndipo akusintha bwino, asiyeni momwemo. Ikani mapadi atsopano a mabuleki ndi disiki ya mamilimita 180 kutsogolo, ndipo muchenjere kuti mabuleki a Shimano amagwiritsa ntchito mafuta a mineral pamene ambiri akale a SRAM amagwiritsa ntchito a DOT. Mukathira olakwika, timalabala ta mkati timafufuma ndipo buleki imawonongeka. Ndalama zotsala mugulire makabudula awiri abwino okhala ndi siponji, amene amavalidwa popanda chovala china mkati, chisoti chatsopano ngati chomwe muli nacho chinagundapo pansi, ndi kachitsulo kapadera kamene kamagwira chosinthira magiya chakumbuyo ku felemu. Kachitsulo kameneka kamasiyana pa njinga iliyonse, kamapindika mukangogwa pang'ono, ndipo simungayembekezere kuti makaniko wa pa mpikisano adzakhala ndi ka mtundu wanu.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili lalikulu kuposa loyamba. Maola awiri pa sabata sangakufikitseni ku Scottburgh muli wosangalala, ngakhale mutakwera njinga ya katswiri wa ku Switzerland Nino Schurter. Muli ndi masabata 16, ndipo cholinga chikhale chakuti pofika mwezi wachitatu muzipalasa maola 8 mpaka 10 pa sabata, ogawidwa m'masiku anayi. Musalumphire pamenepo nthawi imodzi. Sabata yoyamba yambani ndi maola anayi, muziwonjezera pafupifupi ola limodzi sabata iliyonse kwa masabata atatu, ndipo sabata yachinayi muchepetse ndi theka kuti thupi lipume, chifukwa minofu imalimba pa nthawi yopuma osati pa nthawi yogwira ntchito. Mukatero muyambirenso kuwonjezera maola.

Anthu ambiri ongoyamba kumene amapalasa ulendo uliwonse mwamphamvu yapakatikati, yotopetsa koma yosafika polimbitsa thupi kwenikweni. Katswiri wa sayansi ya masewera Stephen Seiler atafufuza kaphunziridwe ka akatswiri a masewera ofuna kupirira, anapeza kuti pafupifupi magawo anayi mwa asanu a maphunziro awo amakhala opepuka, ndipo gawo limodzi lokha ndilo limakhala lolimba zedi. Kwa inu zikutanthauza kuti maulendo atatu pa sabata akhale a liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu m'ziganizo zathunthu osapuma wefuwefu, ngakhale zikuoneka ngati mukuchedwa. Tsiku limodzi lokha, mwina Lachitatu, pezani chitunda chachitali, zomwe ku Pietermaritzburg sizisowa, ndipo mutatenthetsa thupi kwa mphindi 20 mukwere mwamphamvu kwa mphindi 8, mupume mphindi 3, n'kubwereza kanayi. Mphamvu yake ikhale yoti kukwera kwachinayi kufanane ndi koyamba. Ngati koyamba mwathamanga kwambiri n'kulephera komaliza, tsiku limenelo lapita pachabe.

Chimene chimasiyanitsa mpikisano wa masiku atatu ndi wa tsiku limodzi ndi kudzuka m'mawa miyendo ili yolemera n'kukwereranso njinga. Zimenezi ziyenera kuphunziridwa. Kuyambira mwezi wachiwiri muzipalasa Loweruka ndi Lamlungu motsatizana, mpaka mudzafike pa maola anayi kapena asanu Loweruka ndi atatu Lamlungu, ndipo kamodzi kapena kawiri mpikisano usanafike muwonjezere Lachisanu kuti akwane masiku atatu. Maulendo amenewa achitikire m'tinjira osati pa tala. Muli ndi mwayi wokhala mu mzinda umene unachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga zakumapiri mu 2013 ku Cascades, pamene Greg Minnaar anapambana pa mpikisano wotsetsereka kwawo komwe, ndipo tinjira ta ku Karkloof kufupi ndi Howick sitili kutali. Kumeneko phunzirani kukhota pa makona akuthwa otsetsereka: buleki imagwiridwa musanalowe pa kona, maso amayang'ana kotulukira, ndipo thupi limadzuka pang'ono pa chishalo mawondo ndi zigongono zitapindika. Mukamadutsa pa msewu wa magalimoto popita kumeneko, yatsani nyali yofiira kumbuyo ngakhale masana. Burry Stander, amene anapambana Cape Epic mu 2011 ndi 2012, anamwalira mu Januwale 2013 atagundidwa ndi minibasi pamene ankapalasa njinga pokonzekera mipikisano pa msewu m'chigawo chomwecho cha KwaZulu-Natal.

Kudya nako kumaphunziridwa pa maulendo ataliatali amenewa. Pa ulendo wopitirira maola awiri thupi limafuna magalamu pafupifupi 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo nthochi imodzi yapakatikati imakhala ndi magalamu pafupifupi 25 okha, kutanthauza kuti muyenera kudya zambiri kuposa mmene mukuganizira. Yambani kudya theka la ola loyamba lisanathe ndipo musadikire njala, chifukwa ikafika mphamvu zimakhala zatha kale ndipo sizibwerera msanga. Mbatata yophika yothira mchere, buledi wa jamu ndi nthochi zimagwira ntchito mofanana ndi timapaketi todula ta m'masitolo a njinga, bola mimba yanu ikhale itazizolowera. Imwani mamililita 500 mpaka 750 pa ola malinga ndi kutentha, ndipo botolo limodzi likhale ndi mchere pang'ono. Mukamaliza tsiku lililonse la mpikisano idyani chakudya chenicheni ola lisanathe, popeza chakudya chimenecho ndicho mudzapalasire mawa lake.

Mnzanu amene mwalembetsa naye muzipalasa naye kumapeto kwa sabata iliyonse imene mungathe, kuti mudziwe msanga amene ali wamphamvu pokwera ndi amene ali wolimba mtima potsika. Wamphamvuyo ndiye ayenera kutsatira liwiro la mnzake, kutsogola pamene kuli mphepo ndi kunyamula zida zokonzera, ndipo ndi bwino kugwirizana zimenezi muli kunyumba kusiyana ndi kukakangana pakati pa chitunda.

Njinga ipite kwa makaniko komaliza kutatsala masabata atatu, osati atatsala masiku awiri, kuti mapadi atsopano ndi tcheni zikhale zitayendako ndipo cholakwika chilichonse chionekere mukadali ndi nthawi. M'masiku khumi omaliza chepetsani maola ndi theka koma musiye maulendo awiri aafupi okhala ndi kukwera kwamphamvu pang'ono, wonjezerani sealant m'matayala onse awiri, ndipo musasinthe chishalo, nsapato kapena chakudya. M'thumba la pansi pa chishalo mukhale chubu chimodzi, timapulagi totsekera mabowo aakulu, cholumikizira tcheni chogwirizana ndi magiya anu, kachitsulo kaja ka chosinthira magiya, ndi pampu yaing'ono imene mwaiyesapo kale kunyumba.