Maluwa oti mubzale m'dzinja kuno ku Zomba

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo yodandaula kuti chaka chatha anagula timapaketi ta mbewu ya petunia ndi pansy, nabzala mvula yoyamba itangogwa, koma pofika mu Januwale zonse zinali zitaola. Funso lawo ndi lakuti: kodi chaka chino abzale maluwa anji pabedi la kutsogolo kwa nyumba, m'mphepete mwa kanjira kolowera pakhomo, ndiponso m'miphika ya pakhonde?

Mayi, vuto silinali dzanja lanu ayi, koma nyengo. Maluwa amene mukufunsawa ndi a nyengo imodzi, amene amamera, kumasula, kubala njere ndi kufa m'miyezi yowerengeka monga chimachitira chimanga, choncho mukaphonya nyengo yake palibenso mpata woti adzachire. Paketi ikanena kuti duwa ndi la nyengo yotentha, kawirikawiri imanena za ku Ulaya, kumene kutentha kwake n'kofatsa ndipo mvula siigwa ngati ya kuno. Ife nyengo yotentha imadza ndi mvula yamphamvu kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Malichi, ndipo m'munsi mwa phiri la Zomba muno ikayamba imatha kutenga masiku angapo osaleka. Duwa la petunia ndi lopyapyala, likanyowa limangofota ngati pepala, pamene pansy imafuna kuzizira. Ziwirizi muzisunge mpaka mu Epulo kapena Meyi, muzidzathirira m'nyengo yozizira pamodzi ndi snapdragon ndi calendula. Mudzaona kuti ngakhale chiperoni cha mu Juni sichiziopsa.

Pabedi lalikulu la m'dzinja, ine ndimayamba ndi zinnia. Njere zake mumabzala pamalo pomwepo popanda nazale, zimamera pasanathe sabata imodzi, ndipo zimayamba kumasula pakadutsa miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Chofooka chake n'chimodzi: zikathithikana, masamba amagwidwa ndi matenda ooneka ngati ufa woyera, makamaka mvula ikamapita kumapeto. Choncho mupatulire, musiye mpata wa masentimita 30 pakati pa zomera za mtundu wautali, ndipo musamve chisoni pozula zotsalazo. Kumbuyo kwake, cha kukhoma, ikani cosmos kapena mpendadzuwa pang'ono. Cosmos ili ndi khalidwe lodabwitsa, pakuti mukaipatsa feteleza wambiri imangobiriwira masamba n'kutalika mpaka kugwa ndi mphepo, maluwa osaoneka. Imakonda dothi losauka ndithu. Ndinadziwa zimenezi chaka china pamene ndinathira chitosi cha nkhuku pabedi lonse mosasankha, zinnia n'kusangalala, cosmos n'kusanduka tchire.

M'mphepete mwa kanjira mukufunika chomera chachifupi chosagwera anthu m'miyendo, ndipo pamenepa marigold wamfupi, amene pa paketi amalembedwa kuti French marigold, alibe mnzake. Amatalika masentimita 20 mpaka 30 okha, pamene mtundu winawo, wotchedwa African marigold, umatha kufika pafupifupi mita imodzi ndipo malo ake ndi pabedi. Maina amenewa asakusokonezeni, chifukwa mitundu yonse iwiri kwawo ndi ku Mexico, monganso zinnia ndi cosmos, ndipo n'chifukwa chake imagwirizana ndi nyengo yotentha ya mvula ngati yathuyi. Anthu ena amadana ndi fungo la masamba ake, koma ine ndimalikhululukira poona mmene amapiririra. Mukafuna kusakaniza mtundu, onjezani celosia, amene ndi mbale wake wa bonongwe ndipo amakula mosavuta ngati bonongweyo.

Za miphika zimadalira khonde lanu. Ngati dzuwa limafikapo maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, koma denga likutchinga mvula, bzalani portulaca, amene masamba ake amasunga madzi ndipo sadandaula mukaiwala kuthirira tsiku limodzi. Kungoti amatsegula maluwa dzuwa likawala basi, kukachita mitambo amatseka. Pakhonde lotchingidwa bwino ngati limeneli ngakhale petunia yanu ija ikhoza kupulumuka. Ngati pali mthunzi wambiri, sankhani impatiens kapena begonia. Mphika uliwonse, kaya ndi wadothi wogula mumsika, ndowa yakale kapena chigubu chodula pakati, uboolereni mabowo pansi ndipo muukhazike pa njerwa kuti madzi azituluka. Musadzazemo dothi lofiira la katondo lokha, chifukwa likanyowa limamata, likauma limalimba ngati njerwa. Sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa oolerana bwino.

Bedi nalonso mulikweze pang'ono ngati mzere wa mbatata, makamaka ngati pakhomo panu madzi amadikha. Mbande zikangomera, adani ake ndi nkhono zimene zimatuluka usiku, mbozi zodula tsinde, ndi nkhuku za aneba, zimene zimafukula m'mawa umodzi ntchito ya sabata yathunthu. Nkhono muzitole madzulo ndi tochi, ndipo pabedi muyalepo timitengo taminga mpaka zomera zitakhwima.

Maluwa akayamba kufota muziwadula, chifukwa chomera chikangobala njere chimaleka kumasula. Koma kumapeto kwa Malichi musiye mitu ingapo yokongola kwambiri ya zinnia ndi marigold iumire pomwepo, kenaka muisunge mu envulopu pamalo ouma. Ngati paketi yake inalembedwa F1, kutanthauza kuti ndi mbewu ya haibulidi, ana ake sadzafanana kwenikweni ndi makolo, choncho njere zosunga muzitenge ku mitundu wamba. Mukapita ku Botanical Gardens, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, kapena mukamadutsa kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, muyang'ane zimene zikumasula mu Febuluwale, mvula ili pachimake, ndipo mufunse maina ake musanagule paketi ina.